Mwana Akamenya Mnzake Kusukulu: Timuthamangitse Kapena Timukhazike Pansi?

Ndewu ya pasukulu sichedwa kutha. Mphindi ziwiri kapena zitatu, wina wagweruka dzino, malaya ang'ambika, mphunzitsi watulukira ndipo gulu lonse labalalika. Chovuta ndi cha mawa lake. Ahedi ali ndi ana awiri muofesi, makolo ali panjira, aphunzitsi akudikira kuona ngati ahediwo alimbe mtima, ndipo ana ena onse atchera khutu kuti amve kuti munthu akamenya mnzake pasukulu pano zimamuthera bwanji.

Mayankho amene tidazolowera ndi odziwika. Pali chikwapu, chomwe chikadalipo ngakhale akuluakulu a maphunziro amachiletsa. Pali kukumba dzenje ndi kutchetcha udzu. Pali kalata yoti akakhale kunyumba masabata awiri, pobwera abwere ndi kholo. Zikakula, amamuchotseratu sukulu. Zilango zonsezi zikufanana pa chinthu chimodzi: maso onse ali pa womenya. Womenyedwa amaitanidwa ngati mboni chabe, ndipo akamaliza kufotokoza amauzidwa kuti abwerere m'kalasi. Palibe womufunsa ngati akugona tulo, ngati akuopa kupita yekha kumjigo, kapena ngati pali chimene iye akufuna kuti chichitike. Masabata awiri akatha womenya uja amabwerera, maphunziro atamudutsa, mkwiyo uli chikhalire, n'kukakhala benchi imodzi ndi amene akuti adamuneneza.

Kwa zaka zoposa 30 tsopano, masukulu a m'mayiko angapo akhala akuyesa njira ina imene pa Chingerezi amaitcha restorative justice, kapena kuti chilungamo choyanjanitsa. Howard Zehr wa ku America, amene buku lake la mu 1990 lidathandiza kwambiri kufalitsa maganizowa, adaona kuti makhoti amatanganidwa ndi kufufuza lamulo limene laphwanyidwa ndi chilango choyenera wolakwa, pomwe funso loyamba limayenera kukhala la munthu amene wavulazidwa, zimene akusowa, ndi amene ali ndi udindo wokonza zimene zawonongeka. Ine ndili kumbali ya njirayi. Koma umboni umene ulipo sundilola kuti ndiilonjezere zazikulu, ndipo pali milandu ina imene sindingalole kuti iyandikire n'komwe.

Mbiri yake ya masiku ano ambiri amaiyambira ku Canada. Mu 1974, m'tauni yaing'ono ya Elmira m'chigawo cha Ontario, anyamata awiri adaledzera usiku n'kuyamba kuswa mawindo ndi kuboola matayala a galimoto za anthu. Pomwe kunkacha anali atawononga malo 22. Mark Yantzi, amene ntchito yake inali kuyang'anira olakwa omwe akugwira chilango kunja kwa ndende, adapempha woweruza chinthu chimene makhoti a nthawiyo sankachita: kuti anyamatawo akaonane maso ndi maso ndi anthu amene adawalakwira. Woweruza adalola. Anyamatawo adayenda khomo ndi khomo, kugogoda, kudziulula kuti ndi ife tidachita zija, n'kumva kuchokera pakamwa pa eni ake zimene adataya. Kenako adalipira. Aliyense amene adaimapo pakhomo pa munthu wokwiya kuti apepese akudziwa kuti ulendo umenewo sunali wa masewera.

Ku New Zealand nkhaniyi idabadwa m'madandaulo. Anthu a mtundu wa Māori, eni nthaka a dzikolo, adakhala akulira kuti boma likuwatengera ana n'kukawaika m'malo osungira ana olakwa popanda kufunsa abale. Lamulo la ana la mu 1989 lidakhazikitsa msonkhano wa banja, pomwe mwana wolakwa, abale ake, wolakwiridwa ndi apolisi amakhala pamodzi n'kugwirizana chochita. Mu 1991 wapolisi wina wa ku Wagga Wagga m'dziko la Australia, Terry O'Connell, adatengera nzeruyi n'kukonza mafunso oti azitsogolera zokambiranazo. Ndipo mu 1994 Margaret Thorsborne, mlangizi wa ophunzira pasekondale ina ku Queensland, adaitanitsa msonkhano wotere wophunzira wina atamenyedwa koopsa pambuyo pa dansi ya pasukulu. Umenewu ndi umene ambiri amauwerenga kuti ndi woyamba kuchitikira pasukulu. Choti tigwirepo n'chakuti njirayi idalowa m'sukulu kudzera pa mlandu wa magazi, osati wa kuchedwa kapena kulongolola m'kalasi.

Kuti timvetse mmene zimayendera, tiyerekeze mlandu umene aliyense amene adaphunzira sekondale yogonera komweko auzindikira. Mnyamata wa Folomu 3 wamenya wa Folomu 1 kuhositelo chifukwa wakana kumuchapira yunifolomu ndi kumugawira shuga ndi chiponde chimene adabwera nacho kuchokera kunyumba. Khutu latupa, ndipo mwanayo wagona kuchipatala usiku umodzi.

Ntchito yaikulu imachitika msonkhano usanafike. Wotsogolera zokambirana, amene ndi bwino asakhale ahedi popeza iwo ndi amene ali ndi mphamvu yolanga, amayamba waonana ndi aliyense payekha. Womenya akakana kuti sadachite, msonkhano palibe, chifukwa pano sipozengera mlandu kuti tipeze wolakwa; mlanduwo ubwerera ku komiti yoona za mwambo. Womenyedwa amafunsidwa ngati akufuna kukumana ndi mnzakeyo, ndipo akati ayi, ndi ayi, popanda kumunyengerera. Makolo nawonso amauzidwiratu zimene zikachitike kuti asabwere atakonzekera nkhondo.

Tsikulo likafika mipando amaiika mozungulira, pakati popanda tebulo, ndipo aliyense amabwera ndi munthu amene amamudalira. Woyamba kulankhula ndi womenya. Amamufunsa kuti chidachitika n'chiyani, ankaganiza chiyani pa nthawiyo, wakhala akuganiza chiyani kuchokera tsikulo, ndipo akuona kuti zimene adachitazo zakhudza ndani. Otsogolera odziwa ntchito amapewa kufunsa kuti "unachitiranji zimenezi?" chifukwa funso limenelo limangoitana zodzikhululukira. Kenako amalankhula womenyedwa, ndipo palibe womudula mawu. Akamaliza, mawu amapita kwa amene abwera naye. Apa m'pamene mayi angatembenukire kwa mnyamata uja n'kunena kuti, "Mwanawe, ine ndidagulitsa matumba atatu a chimanga kuti mnzakoyu abwere pano. Lero akundiuza kuti sukulu sakuifunanso. Tandiuza, ndibwerere naye kumudzi?" Kalata yoimitsa mwana sukulu ilibe mawu olasa ngati amenewa. Mnyamata amene ankadzitama kuhositelo amawamva amalume ake ali pambali, atazolika.

Pomaliza onse amagwirizana zochita, ndipo amazilemba. Mwina banja la womenya libweza ndalama za kuchipatala ndipo mnyamatayo adzazigwirira ntchito patchuthi. Mwina asamutsidwira kuhositelo ina. Mwina azikaonana ndi wotsogolera uja Lachisanu lililonse mpaka teremu itatha. Kukhululuka sikulembedwa pa pepalalo, chifukwa n'kwa mwini wake. Akafuna akhululuka, akapanda kufuna palibe womuumiriza. Ndipo mgwirizano ukaphwanyidwa, zilango zina zija zikadalipo.

Pali china chimene chimatuluka m'misonkhano yotere chimene ofesi ya ahedi siimva kawirikawiri. Mnyamata uja akhoza kudzutsa mutu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ifenso tili Folomu 1 adatichita zomwezi, ndipo palibe adanenapo kanthu." Mawu amenewa sachotsa mlandu wake, koma amaika sukulu yonse pa mlandu. Tizingi ndi mwambo umene gulu lina limasiyira linzake, mapulifekiti akuona, ndipo nthawi zina aphunzitsi akudziwa. Kuchotsa mnyamata mmodzi kuli ngati kusadza nthambi n'kusiya chitsa. Mvula ikagwa chiphukanso.

John Braithwaite wa ku Australia, katswiri wa za umbanda, adafotokoza mu 1989 chifukwa chimene kukumana koteroko kungasinthire munthu. Adasiyanitsa manyazi a mitundu iwiri. Alipo manyazi amene amatcha munthu dzina loipa n'kumutaya kunja, ndipo wotayidwayo amakapeza anzake otayidwa n'kumanga nawo gulu. Aliponso manyazi amene munthu amawamva pamaso pa anthu amene amamukonda, omwe akudzudzula chimene wachita koma akumusungirabe malo. Oyambawo amaumitsa mtima, achiwiriwo ndi amene amabweza munthu.

Chimene chidakankhira njirayi m'masukulu ambiri, makamaka ku America, n'kulephera kwa njira yongolanga. Mu 1994 dzikolo lidakhazikitsa lamulo loti wophunzira wobwera ndi mfuti pasukulu achotsedwe kwa chaka chathunthu, ndipo pamenepo palibe angatsutse. Koma mtima wolanga osamva mbali ya mwana udafalikira ku milandu ina, makamaka ophunzira ataphedwa pasukulu ya Columbine mu 1999, mpaka ana ankathamangitsidwa chifukwa cha mwano ndi zina zazing'ono. Kafukufuku wa ku Texas amene adatuluka mu 2011 adatsatira ophunzira pafupifupi 1 miliyoni. Adapeza kuti pafupifupi 6 mwa 10 alionse adaimitsidwapo kapena kuchotsedwa, ndipo mwa zilango 100 zilizonse, 3 zokha ndi zimene lamulo la boma linkalamula. Zotsalazo zinali zoganiza akuluakulu a sukulu. Ana akuda ankalangidwa kuposa anzawo achizungu. Mwana woimitsidwa sukulu pa milandu yotereyi anali pa chiopsezo chochuluka pafupifupi katatu chofika m'manja mwa makhoti a ana chaka chotsatira. Mu 2008 bungwe la American Psychological Association linali litanena kale kuti silidapeze umboni woti kulanga koteroku kumabweretsa chitetezo pasukulu.

Tsono njira yoyanjanitsayi imagwira ntchito? Nkhani imene oikonda amathamangira kunena ndi ya ku Oakland, m'chigawo cha California, kumene bungwe lina lotsogozedwa ndi Fania Davis lidaiyesa pasukulu ya Cole ndipo chiwerengero cha ana oimitsidwa chidatsika ndi 87 peresenti. N'chiwerengero chokoma kumva, koma tisachimeze msanga. Ahedi akangoganiza lero kuti asiya kuimitsa ana, mawa chiwerengerocho chitsika, ngakhale ana akupitiriza kumenyana kuseri kwa kalasi. Chimatiuza zambiri za zimene akuluakulu asankha kuposa za khalidwe la ana. Umboni wodalirika ndi wa kafukufuku amene amatenga masukulu ofanana, n'kuchita maere kuti ena ayese njirayi ena apitirize mwakale, kenako n'kuwayerekeza.

Bungwe la RAND lidachita zimenezi mumzinda wa Pittsburgh ndi masukulu 44, theka lake akuyesa njirayi kwa zaka ziwiri. Zotsatira zidatuluka mu 2018 ndipo zidasangalatsa ndi kukhumudwitsa pamodzi. Masiku amene ana ankataya chifukwa choimitsidwa adachepa ndi 16 peresenti, kusiyana kwa zilango pakati pa ana akuda ndi achizungu kudachepa, ndipo aphunzitsi adati pasukulu pakukhalika bwino kuposa kale. Koma milandu ya ndewu ndi zida sidachepe, omangidwa ndi apolisi sadachepe, ndipo m'magiredi 6 mpaka 8 ana adakhoza mocheperapo pa mayeso. Kafukufuku wina wa bungwe lomweli m'chigawo cha Maine sadapeze kusiyana kwenikweni pakati pa masukulu oyesa njirayi ndi osayesa. Ofuna njirayi sayenera kubisa zimenezi, chifukwa nkhani imene tikukambirana pano ndi ya ndewu yomweyo.

Ku England zidayenda bwinoko. Masukulu a sekondale 40 adalowa m'kafukufuku amene zotsatira zake zidasindikizidwa m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet mu 2018. Kumeneko sadangophunzitsa aphunzitsi kutsogolera misonkhano. Adakhazikitsanso magulu a ophunzira ndi aphunzitsi oti aziunika limodzi malamulo a sukulu. Patatha zaka zitatu ana onena kuti akuzunzidwa ndi anzawo adachepa, ngakhale pang'ono chabe, ndipo kusuta, kuledzera ndi kugwidwa ndi apolisi kudachepanso. Pa khalidwe la ndewu, malinga ndi zimene ana eni ake ankanena, sipadaoneke kusintha. Ndipo kuchepa kwa kuzunzanako sikudaoneke pa chaka chachiwiri, kudadikira chachitatu. Ku Chicago, akatswiri atatu a zachuma, mmodzi mwa iwo Anjali Adukia, adaunika masekondale amene adatenga njirayi ndipo mu 2023 adalengeza kuti kumangidwa kwa ophunzira kudatsika ndi 19 peresenti. Chopatsa chidwi n'chakuti kudatsika ngakhale kunja kwa sukulu, kumene wapolisi sadziwa n'komwe kuti mwanayo amaphunzira kuti. Pamenepo ndiye tinganene kuti khalidwe la ana lidasinthadi. Kukhoza kwa ana pa mayeso sikudatsike.

Tikaika zonsezi pamodzi, chimene ndikuona n'chakuti phindu lilipo, koma n'lochepa, limachedwa kubwera, ndipo limadalira kuti sukulu yonse isinthe kakhalidwe, osati kungoitanitsa msonkhano magazi atatayika kale. Masukulu amene zimawayendera amakhala atazoloweretsa ana kukhala pansi n'kumvetserana pa nkhani zazing'ono, kotero kuti mlandu waukulu ukabwera sakuyamba kuphunzira tsiku lomwelo. Komabe tisaiwale kuti njira imene tikuiyerekeza nayo, yothamangitsa ana, yakhala nafe zaka zambirimbiri ndipo yalephera kuonetsa ngakhale phindu lochepalo.

Otsutsa ali ndi mfundo zoyenera kuzimva. Mu 2018 anthu 17 ataphedwa pasukulu ina ku Parkland, m'chigawo cha Florida, ena adaloza chala pulogalamu ya m'deralo yopewa kumangitsa ana pa milandu ing'onoing'ono. Komiti yofufuza imene chigawocho chidakhazikitsa idapeza kuti pulogalamuyo inali ndi zofooka koma sindiyo idachititsa ngoziyo. Ngakhale zinali choncho, chakumapeto kwa chaka chomwecho boma la Donald Trump lidafafaniza malangizo a mu 2014 amene ankalimbikitsa masukulu kuchepetsa kuimitsa ana. Imeneyo inali ndale, koma pansi pake panali dandaulo lenileni la aphunzitsi. M'madera ena adangouzidwa kuti asiye kuimitsa ana, n'kupatsidwa maphunziro a tsiku limodzi, popanda munthu wowonjezera kapena nthawi. Mwana amene watukwana mphunzitsi kapena kuponya mpando ankabwerera m'kalasi patangopita mphindi zochepa, akuti takambirana naye. Kumeneko si kuyanjanitsa, n'kumutaya mphunzitsi pamodzi ndi ana ena amene abwera kudzaphunzira. Mwana amene ali chiopsezo kwa anzake lero ayenera kuchotsedwa pakati pawo lero. Kukambirana kubwera mitima itazizira, ndipo ntchito yake n'kukonza za kubwerera kwake.

Choopsa china, chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonse, n'kusandutsa wolakwiridwa chida chophunzitsira wolakwa. Tonse tidaonapo mphunzitsi akugwira ana awiri pamapewa n'kunena kuti, "Iwe pepesa, iwe khululuka, gwiranani chanza, nkhani yatha." Ngati mmodzi wakhala akuzunza mnzake miyezi itatu, chanza chimenecho n'chilango kwa wozunzidwayo. Amatuluka ataphunzira kuti kudandaula n'kosathandiza, ndipo wozunza amatuluka ataphunzira kuti mawu amodzi oti pepani amatseka mlandu.

Munthu wa kwathu kuno akamva zonsezi akhoza kufunsa kuti chachilendo n'chiyani, poti kubwalo la mfumu takhala tikuchita zomwezi kuyambira kale. N'zoona ndithu. Mbuzi ikadya mmera wa mnzako, kapena anyamata akavulazana kudambwe, mbali zonse zimakhala pansi, aliyense ndi akwawo, nkhani imakambidwa mpaka itapsa, wolakwa amapereka chipepeso, ndipo mawa onse amakumana kumaliro ndi kuchitsime. Ankhoswe amagwira ntchito yomweyo m'banja. Nzeru yoti mlandu umawononga ubale, ndipo kuweruza n'kukonza ubalewo, sitidaiphunzire ku Canada. Koma tikamanyadira bwalo tisaiwale mbali yake ina. Pabwalo mwana kawirikawiri salankhula, amamulankhulira akuluakulu. Chipepeso chimapita kwa amalume. Ndipo tikudziwa milandu ya atsikana ogwiriridwa imene idathera m'nyumba ndi mbuzi kapena ndalama, kuti mbiri ya banja isaipe, mwana mwini wake ali kukhitchini akulira. Sukulu itenge ku bwalo luso lokhala pansi ndi kuleza mtima, koma pa mpando woyamba pakhale mwana wolakwiridwayo, alankhule yekha.

Pamenepa mzere uyenera kulembedwa moonekera. Mphunzitsi amene wagona ndi wophunzira, mnyamata amene wagwiririra mtsikana, aliyense amene wabaya mnzake ndi mpeni, amenewa si a msonkhano wa mipando yozungulira pasukulu. Mwana apite kuchipatala, nkhani ipite kupolisi, kumene kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo nambala ya 116 ilipo yoti ana aziimbapo mwaulere. Kukhazika mtsikana wa Sitandade 7 moyang'anana ndi mphunzitsi amene amamulembera mayeso, n'kumati akambirane, ndi nkhanza yachiwiri. Chimodzimodzinso kusamutsira mphunzitsi woteroyo kusukulu ina mwakachetechete n'kumati tathetsa nkhani mwamtendere. Aliyense amene agwiritse ntchito dzina la kuyanjanitsa pobisa milandu yotere akuipitsa njira yonseyi.

Pa milandu ina yonse, malamulo a Malawi adatsogola kale kuposa masukulu. Lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana la mu 2010 limalola kuti mwana amene wavomera kulakwa, ngati mlandu wake si waukulu, asazengedwe m'khoti koma apatsidwe njira zina monga kupepesa, kubweza zimene wawononga ndi kuyang'aniridwa. South Africa nayo ili ndi lamulo lofanana nalo la mu 2008. Ndiye taonani zimene zingachitike: mwana amene waba pamsika akhoza kupatsidwa mpata wokonza cholakwa chake n'kupitiriza moyo, pomwe mwana yemweyo akalakwa pasukulu akhoza kuchotsedwa n'kutaya tsogolo lonse. Ndipo kwa mwana wa kumudzi amene adasankhidwa movutikira kupita kusekondale, kuchotsedwa nthawi zambiri ndiye mapeto a sukulu.

Tisaiwalenso kumene ana amaphunzira nkhanzazi. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2013 adapeza kuti ku Malawi atsikana pafupifupi 2 mwa 5 alionse ndi anyamata pafupifupi 2 mwa 3 alionse adamenyedwapo asanakwanitse zaka 18. Ena kunyumba, ena ndi anzawo, ena ndi aphunzitsi. Mphunzitsi amene m'mawa wathyolera ndodo pamsana pa mwana sangakhale pansi masana n'kuuza mwana yemweyo kuti mavuto sathetsedwa ndi manja. Ku Uganda bungwe la Raising Voices lidayambira pamenepa. M'masukulu a pulayimale 42 a m'boma la Luwero, theka lake adagwira ntchito ndi aphunzitsi, ana ndi makolo kwa chaka ndi theka kuti apeze njira zosungira mwambo popanda kumenya. Zotsatira za mu 2015 zidaonetsa kuti m'masukulu amene sadalowe m'ntchitoyi ana 49 mwa 100 adanena kuti adamenyedwa ndi wogwira ntchito pasukulu sabata yapitayo, pomwe m'masukulu amene adalowamo anali 31. Akadali ambiri, koma izi zidachitika m'masukulu a kumudzi a mu Africa, a makalasi odzaza ndi ndalama zochepa ngati athu.

Ndikuganizanso za zipolowe za m'masekondale, pamene ophunzira amaswa mawindo ndi kutentha nyumba chifukwa cha zakudya kapena malamulo amene sadawafunse. Kawirikawiri sukulu imatsekedwa, atsogoleri amachotsedwa, ndipo kholo lililonse limalipira ndalama yofanana, la mwana woswa ndi la wosaswa lomwe. Owononga sakumana ndi a Folomu 4 amene alembe mayeso a MSCE opanda labotale, kapena ndi mlonda amene adathawa miyala usiku umenewo. Nawonso akuluakulu a sukulu safunsidwa kuti dandaulo la nyemba zofumbwa lidakhala miyezi ingati pa tebulo lawo. Zipolowe sizilungamitsidwa ndi nyemba, koma sukulu imene ili ndi malo oti ana azilankhulirapo n'kumvedwa imadziwa za utsi moto usanabuke.

Vuto lenileni ndi nthawi ndi anthu. Chiyambireni maphunziro a pulayimale aulere mu 1994, si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana opitirira 100. Msonkhano umodzi wokonzedwa bwino umadya maola angapo, ndipo kulemba kalata yoimitsa mwana kumatenga mphindi zisanu. Amene akuuza mphunzitsi woteroyo kuti ayambe kuyanjanitsa ana, osamuchepetsera ntchito ina, akubwereza cholakwa chomwe chidachitika ku America. Mwayi wathu ndi woti pafupi ndi sukulu iliyonse pali kale anthu ozolowera kukhala pansi pa milandu: magulu a amayi, komiti ya sukulu, komiti ya makolo ndi aphunzitsi, mafumu, akuluakulu a mipingo ndi mizikiti. Chimene akufunika kuphunzira si kulankhula, poti amadziwa kale, koma kudziletsa: kufunsa funso n'kudikira yankho la mwana, osasandutsa msonkhano kukhala chilangizo cha maola awiri. Luso limeneli liyenera kuphunzitsidwanso m'makoleji a aphunzitsi, kuti mphunzitsi amene tamulanda ndodo tisamusiye chimanjamanja.

Sukulu imene ikufuna kuyamba isayambire pa mlandu waukulu. Iyambe ndi aphunzitsi awiri kapena atatu amene ana amawakhulupirira, pa mikangano ya tsiku ndi tsiku, ilembe zimene agwirizana, ndipo izibwereranso kukaona ngati zachitika. Isadziweruze pakatha teremu imodzi, poti ku England adadikira zaka zitatu. Ndipo inu amene muli m'komiti ya sukulu kapena ya makolo, pa msonkhano ukubwerawu afunseni ahedi kuti chaka chatha adaimitsa ana angati, pa milandu yanji, angati adabwereza cholakwa chomwecho, ndipo angati sadabwererenso kusukulu. Ngati mayankho ake palibe m'buku lililonse, pemphani kuti ayambe kulembedwa teremu ino.